Maenzaimu ogumula ndi kumanganso minofu pa matenda a endometriosis: mafunso ndi mayankho

Kodi maenzaimu akubweramo bwanji pa nkhani ya endometriosis?

Endometriosis ndi matenda amene minofu yofanana ndi imene imakuta m'kati mwa chiberekero imamera kunja kwa chiberekerocho: pa mabasiketi a mazira, kuseri kwa chiberekero, pa matumbo, pa chikhodzodzo, ndi pa peritoneum, kachikopa kopyapyala kokuta m'kati mwa mimba. Bungwe la WHO limati mwa amayi ndi atsikana 10 aliwonse a msinkhu wobereka, mmodzi ali ndi matendawa, ndiye kuti pafupifupi anthu 190 miliyoni padziko lonse.

Mu 1927, dokotala wa ku America John Sampson anafotokoza kuti magazi ena a msambo amabwerera kudzera m'machubu a mazira n'kukagwera m'mimba, atanyamula tizidutswa ta minofu ya m'chiberekero. Zimenezi n'zoona, koma zimachitikira amayi pafupifupi 9 mwa 10 amene machubu awo ndi otseguka, ndipo ambiri mwa iwo sadwala. Kugwera m'mimba pakokha sikukwanira. Kachidutswako kayenera kumamatira, kuboola khoma, kulowa pansi pake, n'kudzikokera mitsempha ya magazi. Kuboolako kumafuna lumo, ndipo lumo lake ndi maenzaimu (mapuloteni ofulumizitsa ntchito za m'thupi) otchedwa matrix metalloproteinases, mwachidule ma MMP.

Ma MMP n'chiyani kwenikweni?

Maselo a m'thupi ali ngati njerwa, ndipo pakati pa njerwazo pali chomangira chopangidwa ndi mapuloteni monga kolajeni, laminin ndi fibronectin. Akatswiri amachitcha extracellular matrix. Ma MMP ndi maenzaimu odula chomangiracho. Woyamba anapezeka mu 1962 ndi Jerome Gross ndi Charles Lapière, pofufuza chimene chimadya mchira wa mbululu ikamasanduka chule. Mchira sugwa, umasungunuka pang'onopang'ono chifukwa enzaimu ikudula kolajeni wake.

Munthu ali ndi mitundu 23 ya ma MMP, koma pa endometriosis otchulidwa kwambiri ndi ochepa. MMP-1 amadula ulusi wolimba wa kolajeni, umene maenzaimu ambiri amaulephera. MMP-2 ndi MMP-9 amamaliza kolajeni wodulidwa kale ndipo amathanso kolajeni wa mtundu wa 4, amene amapanga kansalu koyalidwa pansi pa maselo okuta ziwalo. MMP-3 amadula zinthu zambiri, komanso amadzutsa anzake, makamaka MMP-1 ndi MMP-9. MMP-7 ndi wamng'ono kwambiri ndipo amachokera ku maselo a pamwamba, okuta khoma la chiberekero. MMP-14 sachoka pa selo, amakhala pakhungu lake n'kumadula pomwe seloyo ikulowera.

Onsewa ali ndi zinki pamalo podulira, ndipo amafunanso kashiamu kuti asunge maonekedwe awo. Thupi limawalamulira m'njira zitatu. Poyamba, selo silipanga enzaimuyo pokhapokha litalamulidwa. Chachiwiri, ambiri amatuluka ali otseka, ndi kachidutswa kophimba zinki uja, kamene kayenera kudulidwa kaye ndi enzaimu ina monga plasmin kapena MMP mnzake. Chachitatu, pali mapuloteni anayi otchedwa TIMP-1 mpaka TIMP-4 amene amagwira ma MMP mmodzi kwa mmodzi n'kuwatseka pakamwa. Choncho kuchuluka kwa MMP pakokha sikunena zambiri. Chofunika n'chakuti ndi angati adzutsidwa, ndipo ndi angati atsala osagwidwa ndi TIMP.

Pa msambo wabwinobwino amagwira ntchito yanji?

Popanda ma MMP msambo sungachitike monga tikuudziwira. Dzira likatuluka, pamalo pake pamatsala kachiwalo kachikasu kotchedwa corpus luteum, kamene kamatulutsa homoni ya progesterone kwa masiku pafupifupi 14. Nthawi yonseyo progesterone amakhala atapondereza ma MMP ambiri m'chiberekero kuti khoma lisagumuke, poyembekeza mimba. Mimba ikapanda kubwera, kachiwaloko kamafota, progesterone amatsika, maselo oyera a magazi amakhamukira m'chiberekero, ndipo MMP-1, MMP-3 ndi MMP-9 amakwera mofulumira. Gawo lapamwamba la khoma limagumuka n'kutuluka ndi magazi, lapansi limatsala kuti limeretse latsopano. Kugumukaku kumachitika m'zigambazigamba: pena pakugwa, pena payamba kale kupola.

Pali kachinthu kena kofunika kukadziwa. Progesterone satseka MMP-7 mwachindunji m'maselo a pamwamba. Amalamula maselo a pansi, otchedwa stroma, ndipo iwowo ndi amene amatumiza uthenga kudzera mu puloteni ya TGF-beta. Ngati maselo a stroma samva bwino progesterone, ndiye kuti ndi a pamwamba omwe amasowa wowaletsa.

Nanga chimalakwika n'chiyani mwa amayi odwala endometriosis?

Maenzaimu ake ndi omwewo amene mayi aliyense ali nawo. Chosiyana ndi nthawi imene akugwira ntchito ndi mabuleki ake.

Cholakwika choyamba ndi kusamvera progesterone. M'minofu ya endometriosis, zolandirira progesterone zimachepa, makamaka mtundu wotchedwa PR-B. Homoniyo imakhalapo m'magazi yokwanira bwinobwino, koma maselo amakhala ngati agontha. Ofufuza apeza kuti mwa amayi odwala, MMP-3 ndi MMP-7 amapitirizabe kupangidwa m'chiberekero m'theka lachiwiri la mwezi, nthawi imene mwa amayi ena amakhala atazimitsidwa. Vuto tsono silili m'zotupa zomera kunja kwa chiberekero zokha. Khoma la m'chiberekero lenilenilo ndi losiyana.

Chachiwiri ndi kutukusira. Madzi a m'mimba mwa mayi wodwala amakhala ndi maselo oteteza otchedwa macrophage ambiri ndiponso okwiya, otulutsa mapuloteni okolezera kutukusira, IL-1beta ndi TNF-alpha. Ziwirizi zimalamula maselo a stroma kupanga ma MMP ochuluka, ndipo zimachepetsanso kumva progesterone. Ndi zungulirezungulire: kutukusira kumagonthetsa maselo, kugonthako kumamasula ma MMP, ma MMP amagumula minofu, kugumukako kumaitana kutukusira kwina.

Chachitatu ndi estrogen, homoni yokulitsa minofu ya m'chiberekero, wopangidwa pamalo pomwepo. Zotupa za endometriosis zili ndi enzaimu ya aromatase, choncho zimadzipangira estrogen. Estrogen amalimbikitsa enzaimu ya COX-2, imene imapanga prostaglandin E2 (chinthu chobweretsa kutukusira ndi ululu), ndipo prostaglandin E2 amabwerera kukalimbikitsa aromatase. Enzaimu imene imafooketsa estrogen, 17beta-HSD2, imadalira progesterone, ndiye m'maselo ogontha aja nayonso imachepa.

Koma tisamangoti ma MMP onse amakwera paliponse. M'maselo a macrophage a m'mimba, prostaglandin E2 amachepetsa MMP-9. Maselowa ndi osesa zinyalala, ndipo amafuna enzaimuyo kuti aphwanye tizidutswa tosochera. Motero chida chomwecho chimachuluka m'manja mwa wolowerera n'kuchepa m'manja mwa mlonda.

Kachidutswa kagwera m'mimba. Chimachitika n'chiyani kufikira kakhale chotupa?

Kamayamba ndi kumamatira pa peritoneum kudzera m'timapuloteni togwirira monga integrin ndi CD44. M'mayeso a mu labotale zimenezi zimatenga maola ochepa chabe. Peritoneum ili ndi mzere umodzi wokha wa maselo ophwatalala, ndipo pansi pake pali kansalu ka kolajeni wa mtundu wa 4 ndi laminin. Apa ndi pamene MMP-2 ndi MMP-9 amafunika.

MMP-2 amadzutsidwa modabwitsa. MMP-14 ali pakhungu la selo amagwira TIMP-2, TIMP-2 amagwira MMP-2 wotseka n'kumuyandikizitsa, ndiye MMP-14 wachiwiri woyandikana amamudula kachophimba kaja. TIMP-2, amene dzina lake limati ndi wotsekereza, akakhala wochepa amathandiza kudzutsa. Akachuluka amatseka ma MMP-14 onse ndipo palibe chodzuka. N'chifukwa chake zotsatira za kafukufuku wa TIMP-2 zimaoneka ngati zikutsutsana.

Kansalu kakabooka, MMP-1 ndi MMP-3 amatsegula njira m'minofu ya pansi. MMP-7 amadula E-cadherin, puloteni imene imalumikiza maselo a pamwamba wina ndi mnzake, ndipo maselo omasukawo amayamba kuyenda okha.

Chotupa chopanda magazi sichikula kupitirira milimita imodzi kapena ziwiri. Chomangira chija chimasunga puloteni yomeretsa mitsempha ya magazi, VEGF, itamangika. MMP-9 akadula chomangiracho, VEGF amamasuka, ndipo mitsempha yatsopano imamera kulowera m'njira zimene maenzaimu atsegula.

Dokotala akalowetsa kamera m'mimba pa laparoscopy amaona zaka za ntchitoyi zitayalidwa pamalo amodzi: timadontho tofiira ngati malawi todzaza mitsempha, timadontho takuda ngati pamene pagwera phulusa la moto, ndi zigamba zoyera zokoka khungu lozungulira. Tofiirato ndi tatsopano, ndipo m'menemo ndi mmene MMP-1 amapezeka kwambiri. Takuda tili ndi magazi akale. Zoyera ndi zipsera. Chotupa chikalowa kupitirira mamilimita 5 pansi pa peritoneum chimatchedwa endometriosis yakuya.

Pali umboni woti maenzaimuwa amayambitsadi zotupa, osati amangopezekapo?

Umboni wodziwika kwambiri unachokera ku yunivesite ya Vanderbilt mu 1997, kwa Kaylon Bruner, Kevin Osteen ndi anzawo. Anatenga minofu ya m'chiberekero cha anthu n'kuibaya m'mimba mwa mbewa zopanda chitetezo chokwanira, zimene sizikana minofu yachilendo. Minofu yopatsidwa estrogen inkatulutsa ma MMP ndipo inkamera zotupa. Yopatsidwa progesterone inkasiya kutulutsa ma MMP ndipo zotupa sizinkamera. Kutseka maenzaimuwo ndi TIMP-1 kunaletsanso zotupa, ngakhale estrogen analipo.

Malire ake ndi awa: mbewa za mu labotale sizisamba ndipo sizidwala endometriosis mwachibadwa, matendawa amabwera okha mwa anthu ndi anyani ena osamba. Komanso mayesowo akuonetsa kuletsa chotupa chisanayambe. Mayi amafika kwa dokotala zotupa zitakhala kale zaka.

Ngati ma MMP amagumula, bwanji odwala amakhala ndi zipsera zolimba ndi ziwalo zomatana?

Chifukwa kugumula ndi theka chabe la nkhaniyi. Chotupa chimatuluka magazi, n'kupola, n'kutulukanso, mwezi ndi mwezi. Bala lotsegulidwa mobwerezabwereza limaitana TGF-beta wambiri, amene amasandutsa maselo wamba kukhala ma myofibroblast, maselo oumba kolajeni ndi okoka ngati minofu yamphamvu. TGF-beta amakwezanso TIMP-1, choncho kolajeni watsopanoyo sadulidwa. Enzaimu ina, lysyl oxidase, imalukanitsa ulusi wa kolajeniyo kuti ulimbe. Chotupa chakale chakuya chimakhala chipsera kwambiri kuposa minofu ya m'chiberekero, ndipo dokotala poyeza amachimva ngati kamwala kuseri kwa khomo la chiberekero.

Kumatana kwa ziwalo kumayamba ndi fibrin, ulusi womata umene umapangika magazi akaundana. Mwachibadwa plasmin amausungunula m'masiku ochepa. Kutukusira kumakweza puloteni ya PAI-1, imene imaletsa plasmin kupangika; ulusiwo umatsala, maselo amaulowerera, ndipo umasanduka chingwe chokhalitsa pakati pa thumbo ndi chiberekero kapena pakati pa basiketi la mazira ndi khoma la chiuno. Mahomoni sasungunula zingwezi. Zikavuta, ndi opaleshoni yokha imene imazichotsa.

Kodi ululu umachokera ku maenzaimuwa?

Mwa njira yozungulira. Ma MMP sabaya okha, koma amatsegulira njira timitsempha tomva ululu tomera m'zotupa limodzi ndi mitsempha ya magazi. Wachibale wawo, ADAM17, amadula TNF-alpha pakhungu la selo kuti ayende n'kukakolezera kutukusira. Ululu weniweni umachokera ku prostaglandin, ku zipsera zokoka, ndi ku mitsempha imene yazolowera kulira mpaka ikumalira popanda choikhudza. N'chifukwa chake kukula kwa matenda, kumene amakugawa m'magawo 1 mpaka 4, sikugwirizana kwenikweni ndi kukula kwa ululu. Timadontho tochepa tingamugoneke munthu.

Zimakhudza bwanji kubereka?

Kubereka kumadalira ma MMP pamalo awiri. Kuti dzira lituluke, khoma la kathumba kake liyenera kudulidwa. Kuti mwana wosabadwa akhazikike, maselo a nsengwa ayenera kuboola khoma la chiberekero, ndipo amagwiritsa ntchito MMP-2 ndi MMP-9. Zonsezi zimafuna kudula pamalo oyenera, pa tsiku loyenera, ndi mlingo woyenera. Khoma losamvera progesterone silikonzeka bwino kulandira mwana. Pa makoswe, ofufuza anaona mbali inayo: zotupa zinkatulutsa TIMP-1 wochuluka m'mimba, mazira otuluka anachepa, ndipo atamufooketsa TIMP-1 kubereka kunabwerera.

Pamwamba pa izi pali zoonekeratu: machubu opindika ndi zingwe, ndi zotupa zodzaza magazi akale m'mabasiketi a mazira zotchedwa endometrioma. Komabe amayi ambiri odwala endometriosis amatenga mimba okha. Mimba imachepetsa zizindikiro mwa ena chifukwa progesterone amakhala wochuluka kwa miyezi, koma sichiza, ndipo kuuza mayi kuti "berekani zithe" ndi malangizo olakwika.

Kodi ndingayezetse MMP m'magazi kuti ndidziwe ngati ndili ndi matendawa?

Ayi. Kuwunika kwa mu 2016 kwa Cochrane, bungwe lounika zotsatira za kafukufuku wa zaumoyo, kunaona zizindikiro zambiri za m'magazi ndipo palibe chimene chinakwanira kulowa m'malo mwa opaleshoni. Malangizo a mu 2022 a ESHRE, bungwe la akatswiri a za ubereki ku Ulaya, amati madokotala asagwiritse ntchito zizindikiro za m'magazi, ngakhale CA-125, pofuna kupeza endometriosis.

Zifukwa zake n'zogwirika. MMP-9 amakwera ndi kutukusira kulikonse: matenda a m'kamwa, nyamakazi, bala, kusuta. Amasinthanso ndi tsiku la mwezi. Katengedwe ka magazi nakonso kamasokoneza. Magazi akasiyidwa kuundana m'kabotolo, maselo oyera ndi ma platelet (timaselo toundanitsa magazi) amatulutsa MMP-9 wawo, ndiye seramu (madzi otsala magazi akaundana) imaonetsa mlingo wokwera kuposa plasma (madzi a magazi osaundana) ya munthu yemweyo, ndipo akachedwa kupukusidwa m'makina mlingo umakwereratu.

Njira yotchuka mu labotale ndi zymography. Amaumba jelo yosakaniza ndi gelatin, amayendetsamo zoyezazo ndi magetsi kuti mapuloteni asiyane malinga ndi kulemera, amatsuka sopo wa SDS, n'kuisiya usiku wonse pa madigiri 37 m'madzi okhala ndi kashiamu. M'mawa amaipaka utoto wabuluu. Pamene enzaimu yadya gelatin pamatsala mzere woyera: pa 72 kDa (muyeso wa kulemera kwa puloteni) ndi MMP-2, pa 92 kDa ndi MMP-9. Msampha wake ndi uwu: sopo uja amalekanitsa enzaimu ndi TIMP wake, amatsegulanso ma MMP otseka. Mzere wonenepa ukunena kuti enzaimu inalipo, sukunena kuti inkadula m'thupi.

Kupeza matenda kumadalirabe mbiri ya zizindikiro, kuyeza, sikani yolowetsa kumaliseche kapena MRI, ndi laparoscopy pamene pakufunika. Sikani imaona endometrioma ndi zotupa zakuya, koma timadontho ta pamwamba sitioneka. Sikani yoyera sikutanthauza kuti mulibe matenda.

Bwanji osangopanga mankhwala otseka ma MMP?

Anayesedwa kale, pa khansa, m'zaka za m'ma 1990. Batimastat ndi marimastat ankagwira zinki uja pamalo podulira. Koma malo amenewo ndi ofanana mwa ma MMP ambiri, ndiye mankhwalawo ankatseka onse, abwino ndi oipa omwe. Odwala ambiri anayamba kuwawa ndi kuuma mapewa, manja ndi mfundo, ndipo phindu pa khansa silinaoneke. Kwa mayi wa msinkhu wobereka pali vuto lina: mankhwala otere angasokoneze kutuluka kwa dzira, kukhazikika kwa mimba ndi kupola kwa mabala.

Mankhwala amene anavomerezedwa chifukwa chofooketsa ma MMP ndi doxycycline wa mlingo wochepa, 20 mg kawiri pa tsiku, amene bungwe la FDA, loyang'anira mankhwala ku America, linavomereza mu 1998 pa matenda a nkhama. Pa endometriosis waonetsa zotsatira pa nyama, koma si chithandizo chovomerezeka kwa anthu, ndipo sayenera kumwedwa ndi mayi woyembekezera. Musadzigulire nokha. Chinanso, mayi amene ululu wake wa m'chiuno wakhala ukupatsidwa doxycycline mobwerezabwereza poganiza kuti ndi majeremusi, koma ukubwerabe ndi msambo uliwonse, afunse za endometriosis.

Nanga mankhwala amene alipo amawakhudza bwanji maenzaimuwa?

Amabwezeretsa mabuleki kapena kuchotsa mafuta oyendetsa matendawa, amene ndi estrogen. Mankhwala a gulu la progestin amatsanzira progesterone: dienogest 2 mg tsiku lililonse, norethisterone acetate, jakisoni wa DMPA 150 mg miyezi itatu iliyonse, kapena lupu ya levonorgestrel 52 mg. Amapyapyalitsa minofu ndi kupondereza ma MMP. Mapiritsi olera a mahomoni awiri akamwedwa mosalekeza amachotsa kutsika kwa homoni kumene kumadzutsa maenzaimu mwezi uliwonse. Kupuma masiku 7 kuja ndi kumene kumabweretsa magazi ndi ululu.

Zovuta zake zidziwike. Kudontha magazi m'miyezi yoyamba n'kofala, ndipo nakonso kumakhudzana ndi ma MMP odzuka m'tizigamba ta khoma lopyapyala lokhala ndi mitsempha yosalimba. Sikutanthauza kuti mankhwala alephera. Ndi bwino kuwapatsa miyezi itatu kapena kuposerapo musanaweruze. DMPA amachepetsa kulimba kwa mafupa ndipo kubereka kumachedwa kubwerera mukasiya. Ndipo mwa amayi ena, pafupifupi mmodzi mwa atatu kapena anayi, progestin sathandiza kapena sapiririka. Kugontha kwa maselo kuja ndi chimodzi mwa zifukwa zake.

Zikatero pali mankhwala ozimitsa mabasiketi a mazira kwa kanthawi, monga goserelin 3.6 mg masiku 28 aliwonse, kapena mapiritsi monga elagolix, amene anavomerezedwa ku America mu 2018. Estrogen akatsika kwambiri, thupi limatentha mwadzidzidzi ndipo mafupa amafooka, choncho madokotala amawonjezera timahomoni tochepa toteteza mafupa. Ibuprofen ndi naproxen amachepetsa prostaglandin, ndipo amagwira bwino mukayamba tsiku limodzi msambo usanafike. Mankhwala a mahomoni onsewa sathandiza kutenga mimba. Amene akufuna mwana tsopano akambirane ndi dokotala njira zina.

Popeza ma MMP amafuna zinki, ndichepetse zinki m'zakudya?

Musatero. Mapuloteni mazanamazana m'thupi amadalira zinki, kuphatikizapo oteteza ku matenda, ndipo mungadwale ma MMP asanamve n'komwe. Curcumin ndi resveratrol, zinthu zochokera ku zomera, amatsitsa MMP-9 m'mbale za mu labotale, koma mlingo wa m'mbalemo sufikika m'thupi la munthu pomwa makapisozi, ndipo si mankhwala ovomerezeka a endometriosis.

Kuboola minofu, kumeretsa mitsempha: kodi imeneyi si khansa?

Zida zake n'zofanana, ndipo nsengwa nayo imagwiritsa ntchito zomwezo. Endometriosis si khansa. Chiopsezo cha mitundu iwiri ya khansa ya m'mabasiketi a mazira, clear cell ndi endometrioid, chimakwera, koma amene amaidwala ndi ochepa kwambiri. Endometrioma yosintha maonekedwe pa sikani, kapena yokula mayi atasiya kusamba, ndi imene imafuna kuunikidwa msanga.

Zotupa zinachotsedwa pa opaleshoni. Bwanji zikubwerera?

Dokotala amachotsa zimene akuziona. Timadontho tosaoneka timatsala, ndipo khoma la m'chiberekero, gwero la tizidutswa tokhala ndi ma MMP osamvera, likadali pomwepo. Bala la opaleshoni palokha ndi malo amene chomangira chili poyera, VEGF ndi wochuluka, ndipo ma MMP akugwira ntchito yopoletsa. Umboni wake umaoneka pa chipsera cha opaleshoni yobadwitsa mwana: mwa amayi ochepa pamamera kachotupa kamene kamatupa ndi kuwawa msambo uliwonse, chifukwa maselo a m'chiberekero anagwera pabalapo.

Pa endometrioma, kuchotsa khoma lonse la chotupa kumachepetsa kubwerera kuposa kungochiboola n'kuchiotcha, ngakhale kumatengako mazira ena abwino, mfundo yofunika kuikambirana opaleshoni isanachitike. Kwa mayi amene sakufuna mimba msanga, malangizo a ESHRE amalimbikitsa lupu ya levonorgestrel kapena mapiritsi a mahomoni awiri kwa miyezi yosachepera 18 mpaka 24 opaleshoni itatha.